TIANA TA NKHUMBA TOTSEGULA M'MIMBA

 Ndidziwa kuti ambiri a inu, poganizira tsiku limene mudzaleka nchito, mumaganiza za nkhumba. Ndipo simulakwa. Nkhumba ikhala ndi bere miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, ndiko kuti masiku 114, ndipo yosamalidwa bwino iswa ana khumi kapena kuposa, kawiri pa caka. Munthu akawerenga zimenezi pa pepala aona ngati cuma cafika kale pakhomo. Koma ana amenewo asanafike pa msika ayenera kuyamba apulumuka matenda a m'matumbo, ndipo ndalama zambiri za penshoni zathera pamenepo. Za matumbo amenewa ndizo ndifuna kukamba nanu lero.

Mukacoka m'tauni ya Kafue ndi kulowera kumtunda kwa mtsinje, kumene madzi ayala m'madambo akuru aja, mufika ku Chanyanya. Ndi malo a asodzi. Pa dooko pali mabwato, ndipo amai ogula nsomba afikako kucokera kutali. Koma kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February boma litseka usodzi, kotero ena a kumeneko afuna cina cowathandiza, nayamba kuweta. Ndiko kumene ndinaceza ndi acikulire ena amene anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, napuma, nadzakhala pafupi ndi abale a akazi ao. Anamanga khola labwino la njerwa, pansi pace pa simenti, nagula nkhumba yoyera ya Cizungu imene inali ndi bere lace loyamba. Inaswa ana khumi usiku wina wa mwezi wa June. Pofika tsiku lacinai ana anai anali atafa. Anali kutsegula m'mimba madzi acikasu, maso atalowa m'kati, nthiti ziri pamtunda. Asanu ndi mmodzi otsalawo anakula bwino. Atakwana masabata anai, acikulire aja anawacotsa kwa mace, pakuti anamva kuti m'mafamu akuru amatero, nawapatsa gaga ndi zotsala za nsomba. Sabata lisanathe matenda anabweranso, napha atatu, pamodzi ndi uja amene anali wonenepa koposa onse.

Pondiuza zimenezi anati, "Mwana wanga, ine mgodi ndinaudziwa, mwala ukafuna kugwa umayamba walankhula. Koma izi zingofa osacenjeza. Kodi sipali dzanja la munthu pamenepa?" Ndinawayankha kuti, "Iai bambo, dzanja la munthu palibe. Nkhumbanso imacenjeza isanafe, koma icenjeza ndi ndowe zace." Tsono taonani kuti imfa inalowa m'khola muja kawiri: masiku oyamba ana atabadwa, ndi masiku oyamba ataleka kuyamwa. Kuli konse kumene anthu aweta nkhumba, ku Chipata, ku Denmark kapena ku China, nthawi zoopsa ndi ziwiri zomwezi, ndipo cifukwa cace ciri m'tizirombo ta m'matumbo.

Tikamva za tizirombo tosaoneka ndi maso, timaganiza za matenda okha okha. Koma m'matumbo mwa nkhumba yamoyo bwino, ndi mwa inu ndi ine, muli tizirombo tosawerengeka tochedwa mabakiteriya. M'kandowe kolemera gramu imodzi muli tambiri kuposa anthu onse a pa dziko lapansi. Tambiri ta ito ndi tabwino. Tithandiza kupukusa cakudya cimene cifu calephera, tiphunzitsa thupi kuzindikira adani ace, ndiponso tidzaza malo, kotero kuti toipa tikafika tipeza pokhala palibe. Mwa tabwinoto muli mtundu wina wochedwa Lactobacillus, umene muudziwa nonse ngakhale simunauone. Ndiwo abale a tizirombo timene tisasitsa mkaka kuti ukhale mabisi, ndi kuwawasitsa thobwa ndi munkoyo. Tidya shuga wa mu mkaka ndi kuturutsa cowawasa, ndipo tizirombo toipa sitikonda pamalo powawasa.

Kamwana ka nkhumba kabadwa matumbo ace ali ngati munda wongolimidwa kumene, wosabzalidwa kanthu. Mbeu zoyamba zilowa pobadwa, ndi za pa mawere a mace, ndi za pansi pamene kafwenkha ndi mphuno. Imene iyamba kumera ndiyo itenga munda. Mawere akakhala oyera ndi pansi pouma, tabwino tiyamba. Mace akagona m'matope a ndowe ndi mkodzo, kamwana kayamwa toipa pamodzi ndi mkaka woyamba womwe. Pano ndinene mau amodzi otchinjiriza nkhumba, pakuti anthu ainamizira: siikonda uve. Ibvimvinizika m'matope cifukwa thupi lace silituruka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Mukaipatsa malo, idzisankhira ngondya imodzi ya cimbudzi, nigona kwina.

Mdani wamkuru wa tiana ta nkhumba ndiye kacirombo kochedwa E. coli. Anakapeza ndi dotolo wa ana wa ku Germany, dzina lace Theodor Escherich, m'caka ca 1885, pofufuza zoturuka m'mimba mwa makanda. Mitundu yambiri ya E. coli ikhala nafe mwamtendere. Koma ina iri ndi timbedza pa thupi pace, timene akatswiri atipatsa maina monga F4 ndi F18. Ndi timbedza timeneti ikolekera ku khoma la matumbo ang'ono kuti cakudya poyenda cisaikokolole, ndipo ikakhazikika iswana ndi kuturutsa ululu. Ululuwo suboola matumbo ai. Nchito yace ndi kutembenuza njira ya madzi: m'malo mwakuti matumbo amwe madzi kulowetsa m'thupi, ayamba kukoka madzi ndi mcere m'mwazi ndi kuzitaya kunja. Inu a ku Lusaka munaona macitidwe otere ndi maso anu pa kolera ya 2017 kulowa 2018, ndi ija ya 2023 kulowa 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Ululu wina wa E. coli ndi mbale weniweni wa ululu wa kolera. Cimene cipha ndi kuuma kwa thupi. Tsono ngati munthu wamkuru afooka tsiku limodzi, nanga kanthu kolemera kilo imodzi ndi theka?

Tiyeni tiyambe ndi nthawi yoopsa yoyamba. Mwana wa munthu alandira asilikari ochinga matenda kucokera m'mwazi wa amace akali m'mimba. Mwana wa nkhumba salandira ngakhale mmodzi. Nsengwa ya nkhumba njocindikala, siwalola kupyola. Onse awapeza mu mkaka woyamba wacikasu uja. Ndipo pali codabwitsa: maola oyamba matumbo a kamwana ali otseguka, kotero asilikariwo apyola osapukusidwa, nalowa m'mwazi. Khomo limeneli liyamba kutsekeka msanga, ndipo tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka likapita latsekeka ndithu. Kamwana kamene kacedwa kuyamwa kataya mwai umene sudzabweranso. Ncifukwa cace mwini nkhumba ayenera kukhalapo poswa, ngakhale pakati pa usiku, kupukuta kali konse ndi nsanza youma ndi kukaika pa bere. Tikacuruka, tengani tatikuru timene takhuta kale, mutiike m'dengu lofunda ola limodzi, kuti tofooka tipeze malo.

Acikulire a ku Chanyanya sanalipo, anazipeza m'mawa. Ndipo unali June. Amene mwagonapo m'mbali mwa madambo a Kafue mwezi umenewo mudziwa mphepo imene icokera pa madzi mbandakuca. Kamwana ka nkhumba kabadwa konyowa, kopanda ubweya wofunda, kopanda mafuta pansi pa khungu, ndipo kafuna kutentha kopitirira madigiri 30 masiku oyamba. Pa simenti yozizira kanjenjemera, kaunjikana ndi tinzace, kaleka kufuna bere. Kakazizidwa matumbo ace ayenda pang'onopang'ono, ndipo E. coli apeza nthawi yokolekera. Bokosi la matabwa lokhala ndi khomo laling'ono, m'kati muli udzu wouma, pamwamba pali thumba, lipulumutsa ana ambiri koposa botolo liri lonse la m'sitolo.

Panalinso cina cimene iwo sakanacidziwa. Nkhumba ipanga asilikari olimbana ndi tizirombo timene inakomana nato. Yao inali yaing'ono, ya bere loyamba, ndipo inagulidwa kwina itatsala pang'ono kuswa. Mkaka wace unali ndi asilikari odziwa adani a khola lakale, osati a ku Chanyanya. Mukagula nkhumba ya bere, ifike mwezi wathunthu kapena kuposa isanaswe. Kulinso katemera wa E. coli wobaya mace masabata otsiriza a bere, kuti asilikari acuruke mu mkaka. Funsani dotolo wa ziweto wa m'dera lanu za nthawi yace.

Si kutsegula m'mimba konse kuli kwa E. coli, ndipo apa ndipo ndinati nkhumba icenjeza ndi ndowe. Yang'anani msinkhu ndi maonekedwe. Madzi acikasu kapena oyerera masiku anai kapena asanu oyamba, kawirikawiri ndi E. coli. Mwazi m'ndowe sabata loyamba, ana akufa mwadzidzidzi, ndi kacirombo kena kochedwa Clostridium, kamene kaoletsa matumbo. Apo mankhwala afika mocedwa, cothandiza ndi katemera wa mace pa bere lotsatira. Koma ndowe zonga phala lacikasu sabata laciwiri, ana osafa ambiri koma ongonyentchera, nthawi zambiri ndi koksidiya. Ameneyu si bakiteriya konse, ndipo majekeseni amene anthu athamangira samkhudza. Ali ndi mankhwala ace ochedwa toltrazuril, omwetsa ana akali ndi masiku atatu kufikira asanu, ndipo mazira ace akonda pansi ponyowa.

Pa khola la simenti musaiwale za mwazi. Mkaka wa nkhumba uli ndi ayironi wocepa kwambiri. Nkhumba za kumudzi zimpeza pofukula dothi, koma wa pa simenti alibe pofukula. Ayera makutu, apuma wefuwefu, ndipo matenda a m'mimba amgwira msanga. Jekeseni ya ayironi ya mamiligramu 200 pa tsiku lacitatu itha bvuto limeneli. Ikasowa, ikani m'khola cibuma ca dothi lofiira cocokera kumene nkhumba sizipondako.

Tsopano tifike pa nthawi yaciwiri, imene ndifuna kukhalapo pang'ono, pakuti ndi pamene anthu ocenjera alakwa cifukwa ca kucenjera kwao. Nkhumba ikasiyidwa yokha iletsa ana ace kuyamwa pang'onopang'ono, kufikira miyezi itatu kapena inai. Mafamu akuru aletsa pa masabata atatu kapena anai kuti mace atenge bere lina msanga. Koma iwo ali ndi nyumba zofunda ndi cakudya copangidwira msinkhu umenewo, ca mtengo wapatali. Acikulire aja anatengera tsiku la mafamu akuru, koma nyumba ndi cakudya ca mafamuwo analibe.

Taganizani zimene zigwera kamwana tsiku limenelo. Kataya mace, kataya mkaka, kasamutsidwa khola, ndipo mwina kasakanizidwa ndi ana a nkhumba yina, nikayamba ndeu. Ndi cisoni ndi mantha kakana kudya tsiku limodzi kapena awiri. M'kati mwa matumbo ang'ono muli tiubweya tosawerengeka, tonga ta thaulo latsopano, timene timwa cakudya. Cakudya cikaleka kupita, tiubweya timeneti tifupika, matumbo nakhala ngati thaulo lakutha. Tsiku lacitatu njala ipambana, kamwana nikadya mopitirira. Koma cifu cace sicinaphunzire kupanga cowawasa cokwanira, pakuti masiku onse cinali kudalira tizirombo ta mkaka tija. Ndipo ito tacepa, popeza shuga wa mkaka amene tinali kudya watha. Asilikari amene mkaka unali kutsuka nao matumbo tsiku ndi tsiku athanso. Cakudya cosapukusika, makamaka comanga thupi monga nsomba ndi soya, citsikira kumunsi, ndipo E. coli apeza phwando pamudzi popanda mlonda. Ncifukwa cace matendawa aoneka pakati pa tsiku lacitatu ndi lakhumi ana ataleka kuyamwa.

Nanga bwanji anafa wonenepa koposa onse? Acikulire aja cimeneci ndico cinawapweteka mtima, ndipo ndico cinawaganizitsa za ufiti. Mtundu wina wa E. coli, wa timbedza ta F18, uturutsa ululu umene ulowa m'mwazi ndi kuononga mitsempha. Zikope zitupa, kamwana kayenda dzandidzandi ngati woledzera, kulira kwace kusintha, ndipo kambiri mungokapeza katafa m'mawa. Nthenda imeneyi ikonda wakudya kwambiri, ndiye wamphamvu uja amene akankha anzace pa mbale.

Kucinjiriza kwace sikufuna ndalama zambiri, koma kufuna kupirira. Mwini khola laling'ono adikire masabata asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu. Kuyambira sabata laciwiri aike kacakudya kosalala pamalo pamene mace safikapo, pang'ono cabe, katsopano tsiku liri lonse, kuti cifu ndi tizirombo tace tizolowere ufa mkaka ukalipo. Tsiku loletsa kuyamwa, cotsani mace, ana atsale m'khola limene alidziwa. Cakudya cikhale comweco masabata awiri, cocepa koma kanai kapena kasanu pa tsiku, ndi pa mbale yotalika kuti onse adye pamodzi. Gaga yekha ngwokhakhala kwa mwana wotere, ndipo alibe zokwanira kumkuza. Asefedwe, asakanizidwe ndi ufa wa cimanga ndi soya wokazinga kapena nsomba zouma zosinja. Soya wamuwisi musapatse. Atsegula m'mimba iye yekha.

Ku Chanyanya zotsala za nsomba sizisowa, ndipo ncakudya cabwino ngati ziphikidwa tsiku lomwelo. Matumbo a nsomba amene agona padzuwa nchenche ziri ng'waa ndiwo mtolo wa tizirombo toipa. Zouma za mcere wambiri nazo ziopsa ngati madzi akumwa acepa. Madziwo akhale amene inu mungamwe. A m'mbali mwa dambo, kumene ng'ombe zimwa ndi anthu acapa, sayenera kamwana kongoleka kuyamwa. Ndipo cimanga ca cuku, cimene amai akana kusinja, musati ncoyenera nkhumba. M'caka ca 2024 agalu ambiri anafa m'dziko muno ndi ululu wa cuku wochedwa aflatoxin. Ululu womwewo ufooketsa ciwindi ndi matumbo a mwana wa nkhumba.

Pali nzeru yina imene makolo athu anali nayo pa cakudya ca anthu, imene akatswiri a ku Ulaya aiyesa pa nkhumba naipeza yoona. Cakudya cobviikidwa m'madzi m'mgomo woyera masiku awiri kapena atatu, kufikira ciwawasa monga mabisi, cidzala ndi tizirombo tabwino tija, ndipo cowawasa cace cicepetsa E. coli ndi Salmonella. Musiyeko pang'ono pansi kuti kakhale mbeu ya cotsatira, monga acita amai ndi cipanda ca mabisi. Koma mphuno yanu ikhale woweruza. Kuwawasa ndi kuola ndi zinthu ziwiri; mukamva pfungo la cobvunda, kapena muona cuku pamwamba, tayani, tsukani mgomo, yambani kaciwiri.

Tsono za mankhwala. Acikulire aja, ataona ana ali kufa, anakwera njinga nakagula paketi la ufa wacikasu ndi botolo la jekeseni. Wogulitsa sanafunse msinkhu wa ana kapena maonekedwe a ndowe. Anathira m'madzi mwa nkhumba zonse, zodwala ndi zamoyo bwino zomwe, ndipo ataona kuti zayamba kudya analeka tsiku laciwiri, nasunga otsala. Sindiwaseka, ambiri a ife ticita comweco ndi ana athu.

Mankhwala amenewa, ochedwa maantibayotiki, sasankha. Asodzi adziwa cimene cicitika munthu akathira katupe m'dziwe, kapena akakoka neti ya udzudzu: zifa zazikuru, zazing'ono ndi mazira omwe, ndipo zotsala ndi zolimba zokha zokha. M'matumbo ndi cimodzimodzi. Tabwino tifa, ndipo mwa toipa tipulumuka timene tiri ndi njira yopewera mankhwalawo. Tiswana pamalo popanda wopikisana nato, ndipo tipatsirana nzeru imeneyo ngakhale ndi ta mtundu wina. Ulendo wotsatira paketi lija siligwira nchito.

Dziko lonse laphunzira zimenezi mobvutika. Ca m'ma 1950, ku America, anapeza kuti kuthira maantibayotiki pang'ono m'cakudya kukuza msanga nkhuku ndi nkhumba, ndipo mwambowo unafala ponse ponse. Maiko a cigwirizano ca ku Ulaya anauletsa m'caka ca 2006. Alimi ambiri anali kudaliranso mankhwala ena ochedwa zinc oxide poletsa kutsegula m'mimba kwa ana oleka kuyamwa, koma awonso, pa muyeso waukuru, analetsedwa kumeneko m'caka ca 2022, cifukwa anali kuunjikana m'nthaka kupyolera m'manyowa. M'caka ca 2015 akatswiri analengeza kuti apeza m'nkhumba za ku China E. coli wosamva colistin, mankhwala amene madotolo a anthu asungira odwala amene ena onse alephera; ndipo posacedwa anampeza m'maiko ena ambiri. Dziko lathu la Zambia linakhazikitsa dongosolo lace lolimbana ndi bvuto limeneli m'caka ca 2017.

Inu a m'tauni amene mulibe khola mungati nkhaniyi si yanu. Koma nyama ya nkhumba imene muoca pa mbaula icokera m'makola otere, ndi repu imene mugula pa msika yathiridwa manyowa ace, ndipo mvula ikagwa zotsuka m'khola zitsikira ku Kafue, mtsinje umene Lusaka amwako. Kacirombo kamene kanaphunzira kupewa mankhwala m'matumbo a nkhumba sikaiwala kakalowa mwa mwana wanu.

Sindinena kuti mankhwala ngoipa. Kamwana kodwaladi ndi E. coli kafuna mankhwala, koma osankhidwa ndi dotolo wa ziweto, pa muyeso woyenera kulemera kwace, masiku onse olembedwa, ndi kwa odwala okha. Matenda akabwerezabwereza m'khola limodzi, dotoloyo angathe kutumiza ndowe kapena kamwana kongofa kumene ku nyumba yopimira ya boma ku Balmoral, kufupi ndi Chilanga, kapena ku sukulu ya madotolo a ziweto pa University of Zambia, kumene angaone mtundu wa kacirombo ndi mankhwala amene akapha. Kucokera ku Kafue si kutali. Ndipo pa botolo liri lonse alembapo masiku oyenera kupita nkhumba isanaphedwe; werengani.

Koma dotolo asanafike, coyamba ndi madzi. Paketi la ORS lomwe lija la ana, losungunula m'lita imodzi ya madzi owiritsa, lipulumutsa mwana wa nkhumba monga lipulumutsa wa munthu. Thirani m'mbale yosaya, ndipo wofooka mumdonthezere pambali pa kamwa ndi sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kambiri pa tsiku. Cenjerani ndi cinthu cimodzi: mwana wa nkhumba wa sabata limodzi satha kupukusa shuga wathu wa mu tiyi, ndipo shugayo aonjeza kutsegula m'mimba. Afuna glucose, amene ali kale m'paketi muja. Woyamwa asaleke kuyamwa, afundidwe, ndipo khola la odwala mulilowe potsiriza, ndi nsapato zace ndi tsace lace.

Ndisanatsirize ndicenjeze za nthenda yina imene simuyenera kuisokoneza ndi izi. Mukaona nkhumba zazikuru zitentha thupi, zileka kudya, makutu ndi mimba zifiira, ndipo zifa motsatana, mwina ndi mwazi m'ndowe, cimeneco cingakhale cigodola. Si bakiteriya, ndipo palibe mankhwala ocizira. Ca kum'mawa kwa dziko lino cakhalako zaka zambiri, ndipo m'caka ca 2013 cinalowa m'makola a ku Lusaka, nkhumba zambiri nkuphedwa. Cimayenda m'nyama ndi m'zotsala za m'mbale, pa nsapato ndi pa magalimoto. Musathamangire kugulitsa zotsala. Uzani a ziweto tsiku lomwelo.

Ndinabwerera ku Chanyanya nkhumba ija itaswa kaciwiri. Mwana wao wa acikulire aja, amene agwira nchito ku Chingola, anafuna kutumiza mankhwala amphamvu a m'tauni. Iwo anamuuza kuti atumize matabwa, laimu ndi mgomo wa pulasitiki. Usiku woswa anagona pa mpando m'khola ndi nyali, akazi ao ali kupukuta ana ndi citenje cakale. Anabadwa khumi ndi mmodzi. Mmodzi mace anamgonera tsiku laciwiri, pakuti anali asanakhome mtengo wopingasa m'mbali mwa khoma. Awiri anatsegula m'mimba sabata loyamba, nacira ndi madzi a ORS ndi jekeseni ya dotolo. Khumiwo anayamwa masabata asanu ndi awiri. Pondiperekeza anandionetsa mgomo wa cakudya cowawasa, nabvundukula, nati ndinunkhize. Ndipo anandifunsa ngati kuli kulakwa kuthiramo kapu ya mabisi poyamba. Ndinati palibe kulakwa, bola mgomo ukhale pamthunzi ndi wobvundikira.